Mpando wa mwana wa autism usakhale chomangira mwana

Uthengawu ukupita kwa makolo, aphunzitsi ndi akalipentala, ndipo taulemba chifukwa cha mchitidwe umene ukuchitika m'makomo ena. Kholo likapita kwa kalipentala limamupempha kuti akhome mpando wa malamba, kapena wokhala ndi thabwa lotsekera kutsogolo, n'cholinga choti mwana wa autism akhazikike malo amodzi. Ena sakufika n'komwe kwa kalipentala, akungomangirira mwanayo pampando ndi chitenje n'kupita kumunda. Tikudziwa kuti otere atopa, si kuti mwanayo sakumukonda, koma kumanga mwana kumamupweteka ndipo kukhoza kumupha.

Autism ndi mmene ubongo wa mwana unakulira, ndipo nthawi zambiri zizindikiro zake zimaoneka asanakwanitse zaka 3: kuchedwa kuyankhula, kusatembenuka akamuitana dzina, kupewa kuyang'ana anthu m'maso ndiponso kubwereza zomwezomwezo. Mu 2023, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linkayerekezera kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse ali ndi vutoli. Kwakukulu zimayendera zimene mwana watengera kumtundu. Si kulodzedwa, si kuti makolo anamukhwimira mwanayo, ndipo si katemera. Kafukufuku wa mu 1998 amene ananamizira katemera wa chikuku anachotsedwa m'magazini ya The Lancet mu 2010.

Mwana amene akugwedezeka, kuzungulira kapena kutseka makutu sakuchita mwano. Phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa ndi zinthu zimamufika mwamphamvu kuposa mmene zimatifikira ife, ndipo kugwedezekako ndiyo njira yake yodzitonthozera. Mukamumanga mwamulanda njira imeneyo, mantha amakula, ndipo amalimbana ndi lamba mpaka kugwa ndi mpando womwewo. Ana ena a autism amadwalanso khunyu, ndiye tangoganizani khunyulo litamugwira ali womangidwa, lamba n'kutsetserekera pakhosi, pakhomo palibe munthu.

Mpando woyenera umagwirizana ndi msinkhu wa mwana, choncho kalipentala amuyeze asanadule thabwa. Akakhala, mapazi onse aponde pansi, mawondo ndi chiuno zipindike ngati ngodya ya nyumba, msana utsamire, ndipo tebulo lifike pa zigongono. Miyendo ikamalendewera mwana sakhazikika, ndiye ngati mpando watalika muikireni chopondapo. Pansi pa mpando pakhale potakata kuti usagubuduke, m'makona mukhale mozungulira, matabwa apalidwe bwino, ndipo pasatsale msomali wotuluka ngakhale umodzi. Ana ambiri otere amaluma ndi kunyambita zinthu, choncho funsani penti yopanda mtovu, ya mtundu umodzi wosathobwa m'maso. Kunsi kwa miyendo ya mpando khomani tizidutswa ta labala kuti usalire pa simenti. Kabati ndi mashelefu ndiye zofunika kuzimangirira kukhoma, chifukwa mwana wokonda kukwera zikhoza kumugwera.

Popeza thupi lake likufuna kugwedezeka, mupatseni pogwedezekera pabwino, monga mpando wogwedera wosapendeka kwambiri, kapena katungwe wamfupi amene wamkulu akumuyang'anira. Mukonzereninso pakona pabata, pa mphasa kapena pamatiresi, poti azikapumapo phokoso likamukulira. Malo amenewa asakhale ndi loko kapena chitseko chotsekera kunja. Azilowa yekha ndi kutuluka yekha. Amene alibe ndalama ya matabwa dziwani kuti pali luso loumba mipando yolimba ndi makatoni, mapepala ndi phala la ufa, limene linakula ku Zimbabwe, ndipo ogwira ntchito yothandiza ana olumala amalidziwa.

Tichenjezenso za mabulangete olemera amene akutsatsidwa pa intaneti kuti amakhazika mtima pansi. Mu 2008, mnyamata wa zaka 9 wa autism anamwalira ku Quebec, m'dziko la Canada, atakulungidwa m'bulangete lotere kusukulu. Chilichonse chimene mwana sangathe kuchichotsa yekha pathupi pake, kaya ndi lamba, chitenje kapena bulangete, musamuike. Malamba amene mumawaona pamipando ya ana opuwala ziwalo ndi ochirikiza thupi lofooka ndipo amaikidwa ndi a mafizo atamuyeza mwanayo. Si oletsera mwana kuyenda.

Musataye miyezi mukuzungulira kwa asing'anga kapena kudikira kuti adzayankhula akakula. Mukaona zizindikiro tatchula zija, kauzeni mlangizi wa zaumoyo kapena a kusikelo sabata yomweyo, ndipo iwo akhoza kukutumizani kuchipatala cha boma kapena ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu. Pitani ndi mwanayo pamodzi ndi buku lake la kuchipatala, ndipo ngati munakhometsa kale mpando wa malamba, chotsani malambawo lero lino.