Kuwala kukalowa m'madzi: mkangano wa Minkowski ndi Abraham

Dzuwa likaswa mtengo pa damu la Mulunguzi, kuwala kogwa pamadzipo kumabwera ndi mphamvu, komanso kumakankha. Kukankhako ndi komwe a fizikisi ku Chirunga amati momentamu. Pamalo opanda mpweya kapena madzi, masamu ake savuta: p = E/c, kutanthauza kuti momentamu (p) ndi mphamvu za kuwalako (E) zogawidwa ndi liwiro la kuwala (c). Sola ya sikweya mita imodzi yolandira mawati 1,000 imakankhidwa ndi mamaikuronyutoni 3.3 basi (muyezo wa kukankha kochepa kwambiri). Njere imodzi ya chimanga itaikidwa pasolapo ingatsindire kuposa apo pafupifupi ka 1,000.

Maxwell ananeneratu za kukankha kumeneku mu 1873, ndipo Poynting mu 1884 anasonyeza mmene mphamvu za magetsi ndi maginito zimayendera. Kuyeza ndiko kunavuta. Kachipangizo ka Crookes, ka timapiko tozungulira m'botolo, kanapusitsa anthu ambiri: kamazungulira chosemphana ndi momwe kuwala kukanakakankhira, chifukwa chokazunguza ndi kampweya kotsala m'botolomo kakatenthedwa. Lebedev ku Moscow, ndi Nichols ndi Hull ku America, ndiwo anakwanitsa kuyeza cha m'ma 1901.

Einstein atatulutsa relativity (chiphunzitso chake cha nthawi, malo ndi liwiro la kuwala) mu 1905, Hermann Minkowski ku Göttingen, ku Germany, mu 1908 anasonkhanitsa mphamvu, kayendedwe kake, momentamu ndi kupanikiza m'tebulo limodzi la mizere inayi ndi mizati inayi, lotchedwa tensor. Pamalo opanda kanthu aliyense analivomereza. Nkhani inakula pa madzi ndi galasi, momwe liwiro la kuwala limagawidwa ndi nambala n, yomwe pa madzi ndi 1.33. Minkowski anati momentamu ichulukitsidwe ndi n. Max Abraham mu 1909 anati ayi, igawidwe ndi n. M'madzi a Mulunguzi ndiye kuti wina akuti yakwera ndi 33 peresenti, mnzake akuti yatsika ndi pafupifupi 25 peresenti. Minkowski anamwalira mu Januwale 1909, mlandu n'kutsala m'manja mwa ena kwa zaka 100.

Mu 1954 Jones ndi Richards anamiza kalilole m'zamadzimadzi n'kupeza kuti kukankha kumakula limodzi ndi n, monga ananenera Minkowski. Komabe mfundo ya Abraham sinagwe: malo apakati a mphamvu zonse za kuwala ndi galasi pamodzi ayenera kuyenda mosasintha liwiro, ndipo ukawerengera mmene chidutswa cha galasi chimasunthira kuwala kukamadutsamo, umapeza yankho lake. Povuta ndi apa: kuwala kukalowa m'madzi kumagwedeza maelekitironi a madziwo, choncho kulekanitsa gawo la kuwala ndi gawo la madzi kumadalira amene akuwerengera. Chiwonkhetso chokha ndicho sichisintha.

Stephen Barnett mu 2010 anafotokoza kuti awiriwo ankayeza zinthu zosiyana. Ya Abraham ndi kinetic momentum, yokhudza kusuntha kwa chinthu chonse. Ya Minkowski ndi canonical momentum, yoyenderana ndi kutalika kwa funde, komwe m'madzi kumafupika: funde la kuwala kobiriwira lotalika mananomita 532 (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita) limatsika kufika pa 400.