Kuitanidwa ku Bar sikupereka chilolezo choimira anthu m'khoti

Ambiri amaganiza kuti munthu akangoitanidwa ku Bar ku England ndi Wales, kutanthauza kulandiridwa monga barista (barrister, loya woimira anthu m'khoti), pamwambo wa ku Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple kapena Middle Temple (mabungwe anayi a mabarista), basi akhoza kuyamba kuimira anthu pa milandu. Sizili choncho. Patsalabe pupillage, miyezi 12 yophunzira ntchito m'manja mwa barista wozama. Miyezi 6 yoyamba amangotsatira womuphunzitsa, kuwerenga mafayilo ndi kulemba. 6 yotsatira ndi pomwe amayamba kulankhula yekha pamaso pa woweruza. Malo ake ndi ochepa, ndipo kawirikawiri ayenera kuyamba pasanathe zaka 5 chimalizireni maphunziro a ubarista.

Wopanda pupillage sapatsidwa satifiketi yogwirira ntchitoyi. Bungwe loyang'anira mabarista la Bar Standards Board sililolanso kuti azidzitcha barista pamene akupereka uphungu wa zamalamulo. Apa ndi pomwe ena amapalamula mosadziwa: mawu amodzi okha akuti "barrister" pansi pa imelo yopita kwa kasitomala akhoza kumuika m'madzi otentha.

Komatu kuitanidwa ku Bar popanda pupillage si kwachabechabe. Munthuyo akhoza kugwira ntchito yothandiza maloya, yofufuzira oweruza, kapena yoona zamalamulo m'kampani. Akhozanso kukhala solicitor, loya wa mtundu wina amene makamaka amalangiza makasitomala ndi kukonza milandu, polemba mayeso a SQE (Solicitors Qualifying Examination), omwe anayamba mu 2021, ndi kuonetsa zaka 2 za ntchito yovomerezeka.