Zaka kapena luso: mkangano wa maphunziro a madokotala ogonetsa odwala

Pa 16 October 1846, William Morton anaonetsa poyera pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston kuti munthu angachitidwe opaleshoni ali mtulo atakoka mpweya wa ether. Nkhaniyi inafala msanga, koma kugonetsa wodwala sikunaonedwe ngati ntchito yofuna maphunziro akeake. Kawirikawiri botolo ndi kansalu ankangopatsira wophunzira udokotala amene anali pafupi, mwini opaleshoni n'kuyamba kucheka. Mu January 1848 mtsikana wa zaka 15, Hannah Greener, anamwalira kufupi ndi Newcastle atapatsidwa mankhwala ogonetsa a chloroform kuti angomuchotsa chikhadabo cha kuphazi.

Mayeso enieni anachedwa kubwera. Ku Britain anayamba mu 1935, ku America bungwe loyesa madokotalawa linakhazikitsidwa mu 1938. Muyeso wake unali wosavuta: ukhale zaka zakutizakuti pansi pa akuluakulu, ukhoze mayeso, basi ndiwe katswiri. Chonsecho ntchito inkalemerabe. Harold Griffith atagwiritsa ntchito curare, mankhwala ofooketsa minofu, ku Montreal mu 1942, wodwala wofooketsedwa minofu sankathanso kupuma yekha, ndipo mpweya wake wonse unakhala m'manja mwa wogonetsa.

Amene anagwedeza muyeso wa zakawu ndi Jeffrey Cooper, injiniya osati dokotala. Mu 1978 iye ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza atafunsa ogonetsa odwala za ngozi zomwe zikanapewedwa, ndipo 82 pa 100 zilizonse zinali ndi kulakwitsa kwa munthu: kutenga jakisoni uyu m'malo mwa uyo, paipi ya mpweya kusololoka popanda woona. Zoterezi mayeso a papepala sazigwira. David Gaba, dokotala wogonetsa odwala wa pa yunivesite ya Stanford, anatengera mmene amaphunzitsira oyendetsa ndege, n'kuyamba kuyesa madokotala pa chidole chopuma ndi kugunda mtima, kuti aone amene amasokonezeka zinthu zikathina.

Apa m'pamene funso linasintha, kuchoka pa "wakhala zaka zingati" kufika pa "amatha chiyani". Canada inatulutsa ndondomeko ya CanMEDS mu 1996, yotchula maudindo 7 a dokotala, kuphatikizapo kulankhulana bwino ndi kugwira ntchito ndi anzake. Bungwe la ACGME, loyang'anira maphunziro a madokotala ku America, linatchula maluso 6 mu 1999. Ena ankati zimenezi n'zongokometsera, luso lenileni lili m'manja. Imfa ya mayi wina wa zaka 37 ku England mu 2005 inawatsutsa. Mayiyu anapita kukachitidwa opaleshoni wamba ya m'mphuno, paipi yopumira inakana kulowa, ndipo madokotala odziwa bwino ntchito anakakamira kuyesa njira yomweyo kwa mphindi zambiri mpweya ukutha m'magazi. Anesi anabweretsa zida zoboolera pakhosi, koma palibe anawamvera. Chomwe chinasowa tsiku limenelo ndi munthu woti anene kuti "tiyeni tileke, tisinthe njira".

Mkangano sunathe. Canada itayamba maphunziro oyendera luso mu 2017, ogonetsa odwala anali m'gulu loyamba, ndipo posakhalitsa ophunzira anadandaula kuti nthawi ikuthera pothamangitsa akuluakulu kuti asaine mafomu. Dandauloli ndi loona ndithu. Munthu angadzaze mabokosi onse koma n'kukhala woti sungamusiye yekha. N'chifukwa chake ndimaona kuti ganizo la Olle ten Cate, katswiri wa maphunziro a madokotala wa ku Utrecht, la mu 2005, ndi lomwe linafika pafupi ndi choonadi. Iye anati tiziyesa ntchito yathunthu, n'kufunsa wamkulu amene waona wophunzirayo akugwira kuti, kodi uyu mungamusiyire mayi wofuna opaleshoni yobereka mwadzidzidzi pakati pa usiku, inu muli kunja kwa chipinda, kapena mukufunabe kuima pambali pake?