Kankhuku ka ubweya kagulireni kulera anapiye, osati mazira

Miyezi yapitayi ndakhala ndikuitanidwa m'makomo angapo pa Kasungu boma kukaona tinkhuku ta nthenga zonga thonje, timene anthu ayamba kugulitsana pa Facebook ndi pa WhatsApp. Dandaulo limakhala lomwelomwelo: "Alangizi, ndinakagula modula, koma kangoikira mazira ochepa, basi kakhala pachisa." Mayi wina wa kufupi ndi Mtunthama anafika pokaviika m'ndowa ya madzi kuti kaleke kufungatira, monga ena amachitira ndi nkhuku zachikuda. Munali mu Julaye. Kutacha anakapeza katafa. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa kankhukuko kanalibe matenda alionse, ndipo chimene anakalangira ndicho chuma chake chenicheni.

Dzina la mtundu umenewu ndi Silkie, ndipo ogulitsa ambiri amangoti bantam, kutanthauza nkhuku yaing'ono thupi. Kwawo ndi ku Asia, makamaka ku China, ndipo Marco Polo, munthu wa ku Italy amene anayenda kumeneko m'zaka za m'ma 1200, analemba za nkhuku zokhala ndi ubweya m'malo mwa nthenga. Musaisokoneze ndi simboti wathu wa miyendo ifupiifupi, kapena kansilanga wa nthenga zopindikira kutsogolo. Silkie weniweni mumudziwa mukamunyamula. Zala zake ndi 5 phazi lililonse pamene nkhuku zina zili ndi 4. Mukapatula ubweya mupeza khungu lakuda, ndipo nyama ndi mafupa omwe ndi zakuda. Ali ndi tsumba pamutu, nthenga m'miyendo, ndi timakutu tobiriwira ngati thambo. Kulemera kwake kumangozungulira kilogalamu imodzi. Kuda kwa nyamako si matenda ndipo si zamankhwala. Ku China amaiphika msuzi ndipo amailemekeza.

Tsopano tiyeni tikhale pa nthenga, chifukwa zonse zimene ndinene zikuchokera pamenepa. Tolani nthenga ya tambala wa pakhomo panu, muing'ambe pang'ono ndi zala, kenako muisisite. Muona ikulumikizananso. Pa nthenga pali tingowe ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timakolana, n'kupanga chinthu chonga denga lofolera bwino, loti mvula ikagwa imangotsetsereka. Silkie tingowe timeneti sitigwira. Nthenga yake ili ngati udzu umene wangomwazidwa padenga osamanga. Madzi amalowa mpaka pakhungu, ndipo ikanyowa imachedwa kuuma. Kuzizira kouma kwa Juni ndi Julaye imapirira ndithu ngati khola ndi lotchinga mphepo. Chimene chimapha ndi kunyowa kophatikiza ndi mphepo.

Nthenga yomweyo imailepheretsa kuuluka. Nkhuku yachikuda ikaona galu imakwera padenga la nkhokwe kapena mumtengo wa mango. Iyi singathe. Onjezani tsumba lophimba maso, ndiye kuti mphamba amafika iyo isanamuone n'komwe. Choncho kuitayirira kuti izidzisakira yokha kudimba n'kuipereka kwa kabawi ndi likongwe. Imafuna kampanda kake kokhala ndi waya kapena ukonde pamwamba, ndi mbali imodzi yofolera bwino yothawirako mvula. Pogona pakhale pafupi ndi pansi, osapitirira msinkhu wa bondo, ndipo zambiri zimangokonda kugona pansi mounjikana. Pansipo thirani utuchi kapena makoko a mtedza, amene kuno kwathu sasowa, koma akhale ouma ndi opanda chuku. Kuyambira Disembala mpaka Malichi muziyang'ana mapazi: matope amamatirira ku nthenga za m'miyendo n'kuuma ngati timiyala, ndipo amatupitsa zala. Tsumba likakula mpaka kutseka maso, lidulireni ndi sizasi mozungulira maso okhawo.

Za mazira ndinene mosabisa. Msoti wa Silkie umachedwa, umayamba kuikira pa miyezi 7 mpaka 9. Pa chaka mungayembekezere mazira pafupifupi 100, ang'onoang'ono, oyererako. Ngati cholinga chanu n'kugulitsa mazira pa msika wa Kasungu, gulani mikolongwe kapena nkhuku za mazira zenizeni. Ndalama ya chakudya idzabwerera msanga.

Nanga n'kusungiranji? Chifukwa palibe nkhuku ina imene ndaiona yokonda kufungatira ngati iyi. Imaikira mazira angapo, n'kukhala. Mukachotsa mazira imakhalabe, ngakhale pa chisa chopanda kanthu. Sisankha kuti dzira ndi la yani. Taganizirani amene ali ndi mikolongwe, imene nthawi zambiri sikhala pachisa modalirika, kapena amene akuweta nkhanga, zimene zimaikira kutchire n'kutaya ana mu mame. Makina oswetsera mazira ndi odula, ndipo magetsi akathima usiku umodzi wa Juni, mazira angathe kuwonongeka. Thadzi la Silkie silithima. Ndaona makomo amene ali ndi matadzi atatu okha, koma chaka chonse pabwalo sipasowa anapiye.

Kuti ntchitoyi iyende, pali zinthu zingapo zimene anthu amalakwitsa. Choyamba ndi dyera la kuchulutsa mazira. Kathupi n'kakang'ono. Mazira ake omwe kangafungatire 6 mpaka 8, koma a mikolongwe kapena a nkhuku zikuluzikulu musapitirire 5 kapena 6. Mukaona dzira likusuzumira kunja kwa nthenga, achuluka. Vuto lake n'loti thadzi limatembenuza mazira tsiku lonse, ndiye lililonse limapeza nthawi yake yokhala kunja n'kuzizidwa, mapeto ake mumataya onse, osati limodzi lija lokha.

Sankhani mazira a masiku osapitirira 7 chiikiridwe, osasweka, osatsuka, ochokera kumene kuli tambala. Aikeni onse tsiku limodzi, makamaka madzulo, ndipo muwalembe chizindikiro ndi pensulo. Chizindikirocho n'chofunika chifukwa matadzi ena amabwera kudzaikira m'chisa chomwecho, ndipo dzira lolowa mochedwa limasiyidwa anzake akaswa. Ndi bwino kungolipatula thadzilo, kuliika m'dengu kapena m'bokosi pamalo a mdima pang'ono, pansi, kuti anapiye asadzagwe.

Masiku owerenga ndi awa. Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21, ngakhale a bantam nthawi zina amafulumira ndi tsiku limodzi. A zinziri ndi 17 kapena 18. A nkhanga ndi 26 mpaka 28. A abakha athu a pamudzi aja a nkhope yofiira amatenga masiku 35, ndipo pamenepo ndimachenjeza, chifukwa masabata asanu ndi ambiri kwa kanyama kakang'ono chotere. Pa tsiku la 7 mpaka la 10, usiku, tengani tochi ya foni muunike dzira lililonse kumbali yaikulu. Lamoyo limaonetsa mitsempha yofiira yonga ukonde wa kangaude. Loyera mbee lilibe kanthu, lichotseni lisanaole n'kuphulikira anzake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi thadzi lenilenilo. Nkhuku yofungatira imayenera kutsika kamodzi pa tsiku kukadya, kumwa, kuchita chimbudzi ndi kusamba m'fumbi, kwa mphindi 15 mpaka 30. Silkie wina amaiwala zimenezi. Ngati simukuona akutsika, munyamuleni nokha m'mawa dzuwa litatuluka, mumuike pa chakudya. Mazira sazizira m'nthawi yochepayo. Muzimugwira pachifuwa sabata iliyonse. Fupa likayamba kuthwa ngati mpeni, ndiye kuti akutha. Utitiri ndi nsabwe zimakonda nkhuku yokhala malo amodzi, ndipo mu ubweya umenewu zimabisala bwino. Patulani ubweya kunsi kwa mapiko ndi kumchira, muone. Chisa chithiridwe mankhwala a ufa ophera tizilomboti musanaike mazira, ndipo pafupi pakhale beseni la mchenga wouma wosakaniza ndi phulusa. Musamufungatiritse kawiri motsatizana. Akaswa, alere, apume, abwezere thupi.

Ngati simukufuna kuti afungatire, m'malo mwa ndowa ya madzi ija muikeni m'kakhola ka waya kokwezeka, kopita mphepo kunsi, kopanda udzu, pamthunzi, ndi chakudya ndi madzi. Pakatha masiku atatu kapena anayi ambiri amaleka.

Anapiye akaswa musathamangire kuwatulutsa. Mwanapiye amabadwa ndi kamba wake, chikasu cha dzira chimene chimalowa m'mimba asanaswe, ndipo chimamusunga masiku awiri oyamba. Asiyeni aume pansi pa make. Ngati mwanapiye wagogomola koma akuchedwa, musamusende. Mitsempha imakhala isanaume ndipo amatha magazi.

Chakudya chawo ndi chick starter, chakudya chogula cha anapiye, kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo make angadye chomwecho. Layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira, musawapatse, ili ndi laimu wambiri amene amawononga impso za anapiye. Gaga yekha sakuza mwanapiye. Ndikudziwa kuti thumba la chakudya chogula lakwera mtengo, ndiye ngati mukusakaniza nokha, phatikizani chimanga chogaya ndi soya wokazinga bwino ndi ufa wa usipa. Soya wosakazinga ali ndi zinthu zolepheretsa kugaya chakudya m'mimba. Chimanga choola kapena mtedza wa chuku, zimene timakonda kunena kuti "zipite kwa nkhuku," zimapha anapiye mwakachetechete. Madzi akhale m'mbale yosaya, muikemo timiyala, chifukwa mwanapiye wa bantam amamira m'madzi ochepa kwambiri, ndipo ngakhale asamire, akanyowa amazizidwa. M'sabata yoyamba muziyang'ana kumbuyo kwawo; zitosi zikauma n'kutseka, nyowetsani kansalu m'madzi ofunda muchotse pang'onopang'ono, osakoka.

Amene mwagula anapiye opanda make muyenera kukhala make ndinu. Sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 35, ndipo muzichepetsa pafupifupi madigiri 3 sabata iliyonse. Simufunika chopimira ngati muli ndi maso: akaunjikana n'kumalira azizidwa, akathawira m'mbali n'kumapuma kukamwa kuli yasa atenthedwa, akamwazikana n'kumadya zili bwino. Mbaula imagwira ntchito magetsi akavuta, koma makala ayake kaye panja mpaka utsi utha, muitchinge ndi waya, ndipo musatseke chipinda chonse. Mpweya wa makala umapha anapiye monga umaphera anthu.

Chitopa sichiona mtengo umene munagulira nkhuku. Chimabwera kwambiri nyengo yotentha isanagwe mvula, ndipo chilibe mankhwala ochiza. Makapisozi, tsabola ndi madzi a aloe vera sizichiletsa. Katemera wa I-2, wa dontho limodzi m'diso, amaperekedwa miyezi inayi iliyonse kwa nkhuku zonse za pakhomo, anapiye omwe, bola zikhale zisanadwale. Funsani kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu, ndipo pothira dontholo patulani tsumba kuti lilowedi m'diso, lisathere mu ubweya. Mtundu umenewu umagwidwanso msanga ndi matenda a Marek, opuwalitsa miyendo, amene katemera wake amabaya mwanapiye ali wa tsiku limodzi. Funsani wogulitsa ngati anabayitsa. Zitosi za magazi mwa anapiye kawirikawiri zimatsatira utuchi wonyowa, ndipo zimafuna mankhwala tsiku lomwelo. Nkhuku yatsopano iliyonse ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.

Kwa ofuna kuchulutsa mtunduwu kuti azigulitsa, dziwani kuti ubweyawu umabisala mukasakaniza. Thadzi la Silkie likakweredwa ndi tambala wachikuda, ana amatuluka ndi nthenga wamba, ngakhale ena atenge khungu lakuda kapena chala chachisanu. Kuti mupeze a ubweya, tambala ndi thadzi onse akhale Silkie, m'kampanda kawokawo. Ndipo wina akakuuzani kuti mwanapiye wa masabata awiri ndi msoti, musalipire mtengo wa msoti. Ngakhale ife a ntchitoyi timadikira miyezi itatu kapena inayi, nthawi zina mpaka tambala atalira.