Mlandu wa Venus: chithunzi chikachoka pakhoma n'kukavalidwa

Mu Okutobala 2022, akuluakulu a Uffizi, nyumba yosungiramo zojambula zakale mumzinda wa Florence ku Italy, analengeza kuti akuitengera kukhoti kampani ya zovala ya Jean Paul Gaultier ya ku France. Mlandu wake unali woti kampaniyo inadinda chithunzi cha Venus, mulungu wamkazi wa chikondi wa Aroma, pa madiresi, mathalauza ndi timalaya ta amayi osapempha chilolezo. Chithunzicho anachijambula Sandro Botticelli cha m'ma 1485. Ndi mkazi wa tsitsi lalitali lofiirira, ataima pa chigoba chachikulu cha m'nyanja, mphepo ikumuuzira kuti akocheze kumtunda. Botticelli mwini wake anamwalira mu 1510. Nanga munthu amene anagona m'manda zaka zoposa 500 zapitazo, womuimira pa mlandu lero ndani, ndipo ndalama ya ntchito yake alandire ndani?

Ife kuvala chithunzi sitikudabwa nako. Nsalu za chipani, za mpingo, za sukulu, zonse zimabwera ndi nkhope ndi zizindikiro, ndipo mayi akamanga chitenje chotere aliyense amadziwa kumene mtima wake uli. Koma kuvala chojambula cha mmisiri wotchuka, chimene chenichenicho chili chimodzi chokha padziko lonse, ndi mwambo umene unakulira ku Ulaya ndi ku America, ndipo poyamba munalibe mkangano chifukwa ojambulawo anali amoyo, ankakhala pa tebulo limodzi ndi osoka. Wojambula Raoul Dufy anayamba kukonzera nsalu wosoka Paul Poiret mu 1911, kenako anagwira ntchito zaka zambiri ndi kampani yoluka silika ya Bianchini-Férier ya ku Lyon. Mu 1937 Elsa Schiaparelli anasoka diresi loyera lopyapyala, kutsogolo kwake kuli nkhanu yaikulu yofiira ya m'nyanja imene maganizo ake anachokera kwa wojambula Salvador Dalí. Wallis Simpson analivala pojambulitsa zithunzi za magazini ya Vogue kutatsala pang'ono ukwati wake ndi Edward, amene anatula pansi ufumu wa Britain chifukwa cha iye. Ndipo mu 1955 kampani ya Fuller Fabrics ya ku New York inagwirizana ndi Picasso, Miró, Léger, Chagall ndi oyang'anira ntchito za malemu Dufy, n'kutulutsa nsalu zathonje zogulitsa pa yadi, kuti mayi wamba agule akasoke yekha kunyumba.

Diresi limene linatembenuza zinthu linabwera mu 1965 kuchokera kwa wosoka Yves Saint Laurent, ndipo wojambula amene linatengera ntchito zake, Piet Mondrian, anali atatha zaka 21 ali m'manda.

Piet Mondrian anabadwira ku Amersfoort, m'dziko la Netherlands, mu 1872. Anayamba ngati anzake onse, kujambula mitengo, mitsinje ndi minda ya kwawo. Pang'onopang'ono anayamba kuchotsa. Nthambi za mtengo zinasanduka mizere, masamba anatha, mpaka chimene chinatsala ndi mizere yakuda yoimirira ndi yogona, malo oyera, ndi mitundu itatu yokha: wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Mu 1917 iye ndi Theo van Doesburg anali m'gulu loyambitsa De Stijl, limene linkakhulupirira kuti kukongola kwenikweni kuli mu zinthu zochepa zoikidwa m'malo mwake. Ndalama sizinkamuyanja. Ku Paris ankajambula maluwa n'kumagulitsa kuti apeze ya lendi ndi chakudya, pamene zojambula za mizere, zimene mtima wake unali pomwepo, zinkasowa ogula. Nkhondo itayandikira anasamukira ku London mu 1938, kenako ku New York mu 1940, kumene anamwalira ndi chibayo mu 1944.

Yves Saint Laurent anabadwira ku Oran, ku Algeria, mu 1936. Ali ndi zaka 21 zokha anapatsidwa udindo wotsogolera nyumba ya mafashoni ya Dior mwini wake atamwalira mu 1957, ndipo mu 1961 anatsegula yakeyake mothandizana ndi Pierre Bergé. Mayi ake anali atamupatsa mphatso ya buku la Michel Seuphor lofotokoza moyo ndi ntchito za Mondrian. M'bukumo ndi mmene anaona kuti diresi lowongoka lopanda manja, lolekeza m'mawondo, limene atsikana a nthawi imeneyo ankalikonda, kutsogolo kwake n'kosalala ngati chinsalu chojambulapo.

Apa ndi pamene ine nkhaniyi imandigwira mtima, ndipo telala aliyense amene anakhalapo pa makina mpaka msana kuwawa andimvetsa. Ambiri amaganiza kuti madiresi a Mondrian anachita kudinda. Ayi ndithu. Mutalitembenuza kunja kukhale mkati, mupeza kuti kabokosi kofiira ndi kansalu kakekake, koyera kakekake, mzere wakuda uliwonse ndi kansalu kodula pakokha, zonse za ubweya, zolumikizidwa msoko ndi msoko. Vuto lake nali: thupi la munthu si khoma. Lili ndi chifuwa, chiuno ndi mapewa. Telala akafuna kuti nsalu igwire bwino pachifuwa amaitsina pang'ono n'kusoka, ndipo kamsoko kameneko kamaoneka. Pa diresi ili kamsoko kotero kakanaononga chithunzi chonse. Choncho osoka a Saint Laurent anabisa kutsinako mkati mwa misoko ya mizere yakuda ija, kansalu kalikonse kodulidwa mokhota pang'ono kwambiri moti diso silingaone. Munthu akaliyang'ana patali limaoneka lathyathyathya ngati chojambula, koma wovalayo limamukhala ngati anabadwa nalo. Limeneli ndi luso la sizasi ndi singano, ndipo maina a amayi amene anasoka misoko imeneyi sanalembedwe pa chikuto cha magazini.

Diresilo linatuluka pa chikuto cha Vogue ya ku France mu Seputembala 1965. Pasanathe miyezi, mafakitale a ku Ulaya ndi ku America anali atadzaza masitolo ndi madiresi ofanana nalo, ambiri ongodinda mizere pa nsalu imodzi, otsika mtengo. Anthu ochuluka amene sanapondepo m'nyumba ya zojambula anadziwa dzina la Mondrian kudzera pa diresi.

Saint Laurent sanalekere pomwepo. Mu 1988 anatulutsa majekete awiri otengera maluwa a Vincent van Gogh, lina la mpendadzuwa. Awanso sanadinde. Anawapeta ndi manja amisiri a nyumba yopeta ya Lesage, mkanda umodziumodzi, timikanda tonyezimira ndi timaliboni kusanjikizana kuti zifanane ndi utoto wokandapala wa Van Gogh, ntchito ya maola pafupifupi 600 pa jekete limodzi.

Kudinda chithunzi chakale chathunthu pa chovala cha mafashoni kunatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1990. Vivienne Westwood wa ku London anatenga chojambula cha François Boucher cha m'zaka za m'ma 1700, chimene chimasungidwa ku nyumba ya zojambula ya Wallace Collection, n'kuchidinda pa kamalaya komanga chifuwa mu 1990. Gaultier nayenso m'zaka zomwezo ankadinda zithunzi pa nsalu yopyapyala yotanuka ngati neti, yomata thupi. Kenako makina odinda olumikizidwa ku kompyuta anafika. Kale mtundu uliwonse unkafuna sefa yakeyake, moti chojambula cha mitundu yambirimbiri chinali chodula kuchidinda. Lero munthu amatsitsa chithunzi pa intaneti, makina n'kuchilavulira pa nsalu ngati mmene printa imachitira pa pepala, diresi limodzi kapena masauzande. N'chifukwa chake Venus, mpendadzuwa wa Van Gogh ndi funde la wojambula wa ku Japan Hokusai zili paliponse, ndipo wosankha bwino pa kaunjika akhoza kutola bulauzi yotere osadziwa kuti wanyamula chiyani.

Lamulo la ku Ulaya limati ufulu wa mwini ntchito umatha pakapita zaka 70 iye atamwalira. Pamenepo ntchito imakhala ya aliyense. Nyumba zina zosungira zojambula zinalandira zimenezi ndi manja awiri. Rijksmuseum ya ku Amsterdam inatsegula zithunzi zake pa intaneti mu 2012 n'kulimbikitsa anthu kuti azitenge apangire zinthu zawo. Metropolitan Museum ya ku New York inachitanso chimodzimodzi mu 2017 ndi zithunzi zokwana 375,000. Italy inatenga njira ina. Lamulo lake loteteza chuma cha chikhalidwe la 2004 limati aliyense wofuna kupanga malonda ndi chithunzi cha chinthu chosungidwa ndi boma ayambe wapempha ndi kulipira, ngakhale wochipangayo atamwalira kalekale. Lamulo limeneli ndi limene Uffizi inagwiritsa ntchito pa Gaultier. Ndi lomwelonso limene linafikitsa kukhoti kampani ya masewera ya Ravensburger ya ku Germany chifukwa cha chojambula cha Leonardo da Vinci chimene chili ku Venice.

A ku Florence ali ndi mfundo, ndipo sindiinyoza. Chinsalu cha zaka 500 chimafuna chipinda chosatentha, chosanyowa, alonda usiku ndi usana, ndi akatswiri ochikonza utoto ukayamba kusweka. Zonsezo ndi ndalama, ndipo kampani yolemera ikamapindula ndi Venus n'zomveka kuti iponyepo kangachepe. Chimene chimandivuta ndi mbali ya chilolezo. Kusunga chinthu sikukupanga munthu kukhala mwini wake, monga mmene wosunga nkhokwe ya mudzi sakhalira mwini chimanga. Ofesi ikakhala ndi mphamvu yonena kuti uyu avale Venus, uyu asavale, woyamba kutsekeredwa kunja ndi telala wamng'ono amene alibe loya. Botticelli mwiniyo anatengera kaimidwe ka Venus wake ku ziboliboli zakale za Agiriki ndi Aroma, ndipo palibe amene anamufunsa kalata.

Saint Laurent anamwalira mu 2008. Chaka chotsatira, zojambula zimene iye ndi Bergé anasonkhanitsa zinagulitsidwa ku Grand Palais mumzinda wa Paris, ndipo pakati pake panali za Mondrian zenizeni, chimodzi chinapita pa ndalama zoposa mayuro 20 miliyoni. Madiresi a 1965 nawonso anachoka m'mawadirobu. Lina lili ku London, lina ku New York, ndipo lina lili ku Rijksmuseum, kwawo kwa Mondrian, kumene lakhala likuonetsedwa kuseri kwa galasi.