Chinde: doko limene Nyasaland inkalowera, ndi anthu amene anatsala m'matope

Nkhani ya doko la ku Nsanje ikangobuka, dzina la Chinde limatchulidwa ngati kadontho chabe kumathero a mtsinje. Zinali choncho mu Okutobala 2010, pamene Bingu wa Mutharika ankatsegulira dokolo koma chombo chimene chinkayembekezeka chitaimitsidwa ndi boma la Mozambique, ndipo zili choncho mpaka lero. Komatu kumene Zambezi amagawikana timitsinje tambirimbiri asanathire m'nyanja ya Indian kuli boma lathunthu la Chinde, m'chigawo cha Zambézia ku Mozambique. Kalembera wa 2007 anapezako anthu pafupifupi 120,000, nthawiyo Luabo asanapatulidwe kukhala boma palokha mu 2013.

Mabuku a Angelezi amati Daniel Rankin ndiye anatulukira khomo la Chinde mu 1889. Mawu oti "anatulukira" ndimawamva mokayika, chifukwa asodzi a m'deralo ankadutsamo ndi mabwato awo kalekale. Chimene Rankin anachita n'kuuza London kuti sitima zochokera kunyanja zikhoza kulowa. Pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891 linapatsa Angelezi kamalo ka mchenga kwa zaka 99, ndipo katundu, makalata ndi amishoni opita ku Nyasaland ankatsikira pamenepo n'kukwera sitima za African Lakes zolowera ku Shire, mpaka Chiromo. Nyanja inkadya malowo chaka ndi chaka. Mu Febuluwale 1922 namondwe anamiza sitima zambiri padokopo, chaka chomwecho njanji yochokera ku Beira inafika m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1923 Angelezi anasamuka.

Olemba ambiri amaimira pomwepa, ngati kuti Chinde anafa tsiku limene azungu anapakira. Koma mlimi wa mpunga ku Micaune, dera la m'boma la Chinde, sankadya doko. Ankadya madzi osefukira. Chaka chilichonse, cha mu Febuluwale ndi Malichi, Zambezi ankadzaza madambo onse, kenako madzi n'kumaphwa pang'onopang'ono, kusiya matope akuda onenepa. Mayi ankatsatira madziwo ndi khasu, kubzala chimanga, mbatata ndi nyemba m'dimba lopanda feteleza. M'mathamanda otsala nsomba zinkagwidwa ndi mono ngakhale ndi manja. Madzi omwewo ankakankhira mchere kunyanja, kudyetsa mitengo ya mangrove yomera m'madzi amchere kumene tinsomba ta camarão (prawns m'Chingelezi) timakulira, ndiponso kumeretsa msipu wa njati za ku Marromeu tsidya linalo.

Zimenezi zinayamba kusokonekera ndi damu la Kariba mu 1959, koma nkhonya yeniyeni inagwa mu Disembala 1974, pamene khoma la damu la Cahora Bassa linatsekedwa. Damulo linamangidwa kuti lipange magetsi, ambiri mwa iwo opita ku South Africa, choncho madzi anayamba kutulutsidwa potsata makina, osati nyengo. Matope achonde anayamba kutsalira kuseri kwa khoma. Dzinja mtsinje sunkasefukiranso monga kale, pomwe chilimwe unkatha kukwera mwadzidzidzi n'kukokolola dimba loti latsala pang'ono kukololedwa. Ndipo poona kuti madzi sakubweranso, mabanja anamanga nyumba m'malo otsika amene makolo awo ankawaopa. Mu 1978, damu litadzaza n'kutsegulidwa zipata, madzi anawapeza komweko. Zinabwerezanso mu 2001, 2007 ndi 2008.

Apa umboni uyenera kuyesedwa mosamala. Akatswiri a mbiri yakale Allen ndi Barbara Isaacman anayenda m'midzi kufunsa okalamba, ndipo mawu a alimi ndi asodzi amene anawalemba amaloza chala damu. Ena amakumbutsa kuti kuchepa kwa camarão kugombe la Sofala kunadzanso ndi zombo zowedza mopyola muyeso, ndipo kuti njati za ku Marromeu, zimene zinali masauzande makumi angapo, zambiri zinaphedwa ndi mfuti pa nkhondo yapachiweniweni. N'zoona. Nkhondo yomweyo inaphanso fakitale ya shuga ya Sena Sugar Estates ku Luabo, imene inkalemba anthu ambirimbiri ganyu ndi ntchito. Fakitale inzake ya ku Marromeu inadzukanso cha mu 2001, ya ku Luabo ikadali bwinja. Matenda ofoola masamba anagwetsanso minda ya kokonati ya m'mphepete mwa nyanja. Komabe ine ndimaona kuti nkhondo inatha mu 1992, pomwe mtsinje sunabwerere mwakale.

Akatswiri monga Richard Beilfuss akhala akupempha kuti damu lizitulutsa madzi ochuluka kwa masabata angapo nthawi ya dzinja, kutsanzira kusefukira kwakale. Magetsi amene angatayike ndi ochepa, iwo akutero, koma magetsi ali ndi owawerengera, pomwe mpunga wa ku Chinde ulibe. Anthu akulimabe, akuyanikabe nsomba pamchenga, akudulabe mangrove kuti apeze milimo ndi makala, ndipo wofuna kufika ku tawuni ya Chinde amafikabe pa boti.