Chilango cha kunja kwa ndende si kumasula wolakwa

Ambiri amakhulupirira kuti woweruza akalamula munthu kugwira ntchito zothandiza anthu m'dera m'malo momutumiza kundende, ndiye kuti wamumasula. Sizili choncho. Wolakwayo amagwira ntchito kwa maola amene khothi laika, osalandira malipiro, pali womuyang'anira, ndipo akaithawa amabwerera kukhothi komwe angathe kumutsekera. Chilango chotere ndi cha milandu ing'onoing'ono, osati cha wakupha kapena wogwiririra. Mu 1990 bungwe la United Nations lidavomereza mfundo zotchedwa Tokyo Rules zolimbikitsa mayiko kugwiritsa ntchito njira zoterezi.

Chomwe chimaiwalika n'chakuti ndende imapatsa munthu dzina. Howard Becker, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, adafotokoza mu 1963 kuti munthu akangotchedwa chigawenga, anthu amasiya kuona china chilichonse mwa iye. Mnyamata amene adaba foni kamodzi akatuluka, amapeza ntchito yake idatha, olemba ntchito akumukana, anzake akale akumupewa, ndipo kanthu kakasowa maso onse amakhala pa iye. Omulandira amangotsala amene ankagona nawo m'chitokosi. Pang'ono ndi pang'ono amalivomera dzinalo, n'kuyamba kuchita zogwirizana nalo. Kunena zoona, ena kuba kwenikweni amakaphunzira kundendeko.

Wogwira chilango chake ali kwawo sasiyana ndi banja lake, ndipo angathe kupeza ndalama zobwezera amene adamubera. Komabe akamamugwiritsa ntchitoyo momuyalutsa pagulu, ana akumuloza chala, dzina lija limamumatira ngakhale kundende sanapondeko.